Njira za Mapazi: Anazipanga Ndani, Adzazisunga Ndani?

Kodi sabata ino mwayenda mtunda wautali bwanji ndi mapazi? Wina walawira ku Kanyama kupita ku Soweto kukathandiza amai ake kusenza tomato. Wina wacoka ku George kukafuna ganyu ku mafakitale, wina wayenda kucokera ku Mtendere mpaka ku sukulu ndi kubwerera. Ambiri a ife m'makomboni timayenda pansi cifukwa ya basi yasowa. Mnzathu akati tiyeni tikayende cabe tikapitidweko mphepo, timamuona ngati wosowa cocita.

Ku England zinthu nzosiyana. Kumidzi ya kumeneko kuli njira za mapazi zolembedwa pa mapu, zokhala ndi zikwangwani, zodutsa m'minda ndi m'mabusa a nkhosa, ndipo lamulo sililola mwini munda kuzitseka. Pa Ciweru ndi pa Sondo bambo, mai, ana ndi agogo amanyamula kamba ndi kukayenda m'njirazo tsiku lonse. M'England ndi m'Wales njira zotere zimapitirira makilomita 200,000. Mwina muganiza kuti amenewa ndi masewera a anthu okhuta. Komatu pakati pa anthu amene anamenyera njirazi panali acinyamata osauka a msinkhu wanu. Ndiponso nkhaniyi ikhudza Lusaka, pakuti munthu amene anajambula mzinda wathu anacokera ku England komweko.

LUSAKA ASANAKHALE TAUNI

Kale malo ano anali a Asoli ndi Alenje, ndipo midzi yao inalumikizidwa ndi tinjira ta mapazi. Kanjira kotere kamapangidwa ndi phazi. Kamakhota polambalala culu, kamazungulira dambo m'dzinja, kamafika pa citsime, ku munda ndi kumanda. Panalibe mwini wake. Mlendo ali yense amadutsa, bola apereke moni ndi kupewa kuponda mbeu za eni.

M'caka ca 1905 njanji yocokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, inafika kuno. Omanga njanji anali kuika malo opatukirapo sitima pa mamailosi 20 ali onse, ndipo malo a pano anawapatsa dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, a Lusaaka. Mudziwo unali ca ku Manda Hill, kufupi ndi pamene pali Nyumba ya Malamulo. Alimi acizungu anayamba kukhala mozungulira sitesheni, ndipo mu 1913 anapanga kabungwe koyendetsa kamudzi kao. Ndico cifukwa cake mu 2013 Lusaka anakondwerera zaka 100. Pamodzi ndi mafamu a azungu panabwera cinthu cimene tinjira takale sitinacidziwe: mpanda wa waya.

MZINDA WA MALUWA

Boma la atsamunda litaganiza zocotsa likulu ku Livingstone, linaitana mphunzitsi wa zojambula mizinda wa ku London, Stanley Adshead, ndipo anapereka mapulani ake mu 1931. Masiku amenewo ku England kunali kochuka ganizo la munthu wina wochedwa Ebenezer Howard. Iye anaona kuti anchito a m'mizinda ikuluikulu anali kukhala mothinana m'utsi ndi m'matenda, motero anati pamangidwe matauni atsopano okhala ndi mitengo, minda ya maluwa ndi mabwalo, ozunguliridwa ndi thengo loti anthu aziyendamo. Tauni yoyamba ya mtundu umenewu inali Letchworth, imene inayambika mu 1903.

Ganizoli linali la anthu osauka, koma litaoloka nyanja linasintha mwini. Ku Lusaka mitengo ya m'mbali mwa miseu, mayadi akuluakulu ndi bwalo la gofu zinaikidwa ku Ridgeway ndi malo ozungulira, kumene kunali maofesi a boma ndi nyumba za azungu. Ojambulawo anayembekezera kuti azungu adzacuruka kuposa anthu akuda, pakuti munthu wakuda anamuwerengera ngati mlendo wobwera kudzagwira nchito ndi kubwerera kumudzi. Likulu linasamukira kuno mu 1935. Unali mzinda womwazikana, wa miseu itali-itali, wokomera munthu wa galimoto. Koma wophika, wa m'dimba, mesenjala ndi womanga nyumba analibe galimoto. Iwo anapatsidwa tinyumba tozungulira ta udzu monga tija tidakalipo pa Kabwata, ndipo mtunda wonse wopita ku nchito anali kuupondaponda ndi mapazi.

ACINYAMATA A KU MANCHESTER

Pa nthawi yomweyo imene Lusaka anali kujambulidwa pa pepala, osauka a ku England nawonso anali otsekeredwa. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 malo ambiri amene anthu a kumidzi anali kudyetserako ziweto pamodzi anachingidwa ndi mipanda nakhala a anthu ocepa olemera. Mapiri a pakati pa Manchester ndi Sheffield anasungidwa kuti eni ake azikaomberako mbalame zonga nkhwali masiku owerengeka pa caka. Mnyamata wa m'fakitale amene wapuma utsi sabata yonse akakwerako pa Sondo, alonda anali kumuthamangitsa ndi ndodo.

Pa Sondo, pa 24 Epulo 1932, anthu pafupifupi 400 anakwera phiri lochedwa Kinder Scout popanda cilolezo, masana poyera. Mmodzi wa atsogoleri ao anali Benny Rothman, makaniko wa zaka 20. Panabuka kandeu ndi alonda, ndipo anyamata asanu anaikidwa m'ndende, ena miyezi iwiri, wina mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Cilangoco cinakwiyitsa anthu ambiri, ndipo magulu a oyenda pansi analimbikira kupempha boma kuti lisinthe malamulo.

Mu 1935, caka cimene Lusaka anakhala likulu, mtolankhani wina, Tom Stephenson, analemba m'nyuzi kuti pakhale njira yaitali ya mapazi yodutsa pamsana pa mapiri a kumpoto kwa England. Mu 1949 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti njira zonse za mapazi zilembedwe pa mapu a boma. Mu 1951 dera la Peak District, mmene muli Kinder Scout, linakhala paki yoyamba ya dziko lonse. Njira ija ya Stephenson, Pennine Way, ya makilomita pafupifupi 430, inatsegulidwa mu 1965, ndipo imayambira m'tsinde mwa phiri lomwelo. Lamulo lopatsa munthu ali yense ufulu woyenda m'mapiri ndi m'matengo olembedwa pa mapu linabwera mu 2000. Werengani nokha: kucokera 1932 mpaka 2000 ndi zaka 68. Benny Rothman anaona lamuloli ali nkhalamba.

MAKOMBONI NDI TINJIRA TAKE

Tibwerere kwathu. Pansi pa atsamunda nyumba ya m'tauni inali kuyendera pamodzi ndi nchito: nchito ikatha, nyumba nayo yatha. Mu 1948 panabwera lamulo lakuti anchito okwatira apatsidwe nyumba zoti akhalemo ndi mabanja ao, ndipo pambuyo pake Matero ndi Chilenje watsopano anamangidwa, onse awiri kutali ndi mayadi. Koma nyumbazo sizinakwane. Anthu anayamba kulipira lendi kwa eni mafamu ndi kudzimangira okha ndi zidina. Chawama poyamba anali kuchedwa Roberts, dzina la mwini malo. George anatenga dzina la George Hadjipetrou. John Laing ndi John Howard ndi maina a makampani omanga amene anasunga anchito ao pamenepo. Kanyama anakula pafupi ndi pokumba miyala ya laimu. Mtendere anabwera ufulu utafika kale, mu 1967, pamene boma linadula mapuloti kuti anthu, ambiri ocokera ku Kalingalinga, adzimangire nyumba.

M'makomboni odzimangira munalibe wojambula miseu. Munthu anali kumanga pafupi ndi mbale wake, nasiya mpata woti mnzake adutse ndi ndowa pamutu. Motero tinjira ta kumudzi tinabadwanso m'tauni. Mukaona kanjira kokhotakhota pakati pa nyumba za ku Kalingalinga kapena ku Kanyama, dziwani kuti kena mwa ito nkakale kuposa mseu wa tara umene uli pafupi.

Kuyenda kwa masiku amenewo kunali ndi mantha ake. Mwamuna wakuda anayenera kukhala ndi citupa m'thumba, ndipo wopezeka m'tauni wopanda citupa anali kugwidwa. M'masitolo ambiri a mu Cairo Road anthu akuda anali kugulira pa kazenera ka kumbali. Nkhondo ya ufulu nayo inayenda ndi mapazi, khomo ndi khomo. Mama Julia Chikamoneka amakumbukiridwa kuti anali kuyenda usiku m'komboni akugwedeza citini ca miyala poitanira anthu ku msonkhano. Mu 1960 iwo ndi amai anzao anakakumana ndi nduna ya ku Britain yoyang'anira maiko a atsamunda, Iain Macleod, navula malaya a kumtunda pamaso pake poonetsa mkwiyo wao. Mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu ambiri anatentha zitupa, makamaka ku Northern ndi ku Luapula. Kuyambira pa 24 Okutobala 1964 Mzambia anakhala womasuka kupita kumene afuna m'dziko lake, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka.

PAMENE MAPAZI ANAJAMBULA MISEU

Kwa zaka zingapo boma latsopano linaona makomboni odzimangira ngati osaloledwa, ndipo ena anagwetsedwa. Mu 1974 panabwera lamulo lovomereza kuti malo otere akonzedwe m'malo mowagwetsa, ndipo eni nyumba azipatsidwa cilolezo cokhala pamalopo zaka 30. Ndi ngongole ya World Bank nchito inayambika ku George, ku Chawama, ku Chaisa, ku Chipata ndi ku Garden.

Cimene tifuna kuti musunge m'mutu ndi mmene miseu inasankhidwira. Akatswiri sanangokhala mu ofesi ndi kulemba mizere yoongoka. Anatuluka pamodzi ndi atsogoleri a m'komboni nayenda pansi, kanjira ndi kanjira, kukambirana kuti mseu udzere pati kuti nyumba zogwetsedwa zicepe. Amene nyumba zao zinali panjira anapatsidwa mapuloti pambali pa komboni, ndipo pamenepo ndipo panacokera dzina lija la Overspill. Nyumba pafupifupi 25 zinali kugawana pompi imodzi. Ici cinali cinthu cacilendo mu Lusaka: munthu woyenda pansi kufunsidwa maganizo ake mseu usanalimidwe. Kanyama sanalowe m'nchito imeneyi. Malo ake ndi acidikha, pansi pake pali mwala wa laimu, ndipo mu 1978 madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri kumeneko. Kufikira lero dzinja likafika tinjira tina ta ku Kanyama timasanduka mitsinje.

NJANJI ZIWIRI NDI NKHALANGO IMODZI

Tsono yerekezani njanji ziwiri izi. Ku Peak District kunali njanji imene sitima zinaleka kuyendamo mu 1968. Oyang'anira paki anatenga njirayo naisandutsa ya mapazi ndi njinga. Inatsegulidwa mu 1981 ndi dzina lakuti Monsal Trail, ya makilomita pafupifupi 14, kufupi ndi tauni ya Bakewell. Popeza sitima siikonda zitunda, njirayo njosalala, kotero kuti mwana wamng'ono, gogo ndi munthu wa pa njinga ya olemala onse amayendamo bwino.

Ifenso tinali ndi yathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 sitima ya Njanji Commuter inali kunyamula anthu kucokera ku George ndi Matero, kudzera m'tauni, mpaka ku Chilenje, ndipo kutalika kwa njira yake sikunasiyane kwenikweni ndi kwa Monsal Trail. Zaka khumi zisanathe sitimayo inaima. Zitsulo zinazulidwa, ndipo malo ambiri a njirayo anthu anamangapo. Mpata woongoka wodutsa pakati pa mzinda, wopanda galimoto, umene ukanakhala njira ya ana a sukulu ndi a njinga, unatha pang'onopang'ono anthu akuona.

Nkhani ya nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka, yodziwika ndi dzina lakuti Forest 27, njophunzitsa koposa. Mmenemo ndimo mucokera mtsinje wa Chalimbana, ndipo nthaka yake imamwa mvula ndi kudzaza madzi a pansi amene zitsime zambiri za mzinda zimadalira. Inatetezedwa ndi lamulo mu 1957. Mu 1983 citetezo cinacotsedwa, mitengo inadulidwa, ndipo mtsinje unayamba kuphwa. Anthu a m'mbali mwa Chalimbana analemba madandaulo nasainapo ambiri, ndipo mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba anabwezeretsa citetezoco. Koma pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zikuluzikulu zinadulidwanso kuti pakhale mapuloti. Apa tiphunzira zinthu ziwiri. Anthu wamba akalankhula pamodzi boma limamva. Koma cimene capulumutsidwa lero cikhoza kutayikanso mawa ngati palibe ociyang'anira.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo maulendo ambiri a tsiku ndi tsiku mu mzinda uno ndi a mapazi. Komabe miseu yambiri ilibe poyenda anthu, ndipo woyenda pansi amapanikizika pakati pa minibasi ndi ngalande. Njira zacidule zimene makolo anu anali kudzera zatsekedwa ndi mipanda ya mabuloko.

MAULENDO AMENE BANJA LINGATHE

Ku England njira zinapulumuka cifukwa anthu anali kuziyenda, kuzidziwa maina ndi kuzilemba. Munthu sateteza malo amene sanapondepo. Nawa maulendo amene banja kapena gulu lanu lingayende ndi ndalama zocepa.

A ku Matero ndi ku George angayambire pa nyumba nambala 3144 mu Monze Road ku Matero, imene ili m'gulu la zikumbutso za nkhondo ya ufulu, ndi kupitirira mpaka ku Independence Stadium. Kumeneko kuli manda a anthu 30 amene anafa pa ngozi ya ndeke kufupi ndi Gabon pa 27 Epulo 1993, ndipo 18 mwa iwo anali osewera mpira a timu ya dziko lino.

A ku Chawama ndi ku Kanyama angalowe m'tauni ndi kutsata Independence Avenue mpaka pa Freedom Statue, cifanizo ca munthu wodula maunyolo cimene cinaimikidwa mu 1974, ndi pa Lusaka National Museum pambali pake. Kucoka apo tsatani Burma Road kufika pa Kabwata Cultural Village, muone ndi maso anu tinyumba timene agogo anu anapatsidwa. Amene miyendo idakali yolimba apitirire ku Chilenje pa nyumba nambala 394, mmene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962.

A ku Kalingalinga ndi ku Mtendere ali pafupi ndi Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966. Pa Goma Lakes pali madzi, mitengo ndi mbalame. Pemphani cilolezo kwa alonda musanalowe ndi gulu, ndipo ana asayandikire madzi okha.

Mukasonkha ya basi ndi yolowera pa cipata, pitani ku Munda Wanga ku Chilanga, dimba limene Ralph Sander analiyamba m'zaka za m'ma 1950, kapena ku Lusaka National Park imene inatsegulidwa mu 2015. M'pakiyi muli mbidzi, nyamalikiti ndi nchefu, mulibe mikango, koma mverani oyang'anira za kumene muloledwa kuyenda pansi.

Nyengo yabwino ndi ya Meyi mpaka Ogasiti, matope atauma ndi dzuwa lisanayambe kuwawa. Lawirani m'mawa, nyamulani madzi owiritsa kapena othira kolorini, nshawa ndi mbatata zophika. Mwana wamng'ono ndiye aike liwiro la gulu lonse. Pamene palibe poyenda anthu, yendani ku dzanja lamanja la mseu kuti muziona galimoto zobwera kutsogolo kwanu, ndipo dzuwa lisanalowe mukhale mutafika kunyumba. Koposa zonse, tengani munthu wacikulire mmodzi wa m'komboni mwanu. Safunsa anadya phula. Ambuya amene anafika mu Lusaka citupa cili m'thumba adzakuonetsani pamene panali citsime, pamene panali munda wa cimanga, ndi pamene sitima inali kuima.

NCHITO YA GULU LANU

Gulani kope limodzi. Jambulani tinjira ta m'gawo lanu, lembani kumene kali konse kacokera ndi kumene kapita, maina amene anthu amatichula, ndi timene tatsekedwa kale. Lembaninso malo amene ana a sukulu amaoloka mseu movutika. Kopelo likadzaza, pitani nalo kwa khansala wa wadi yanu pamodzi ndi akuluakulu a m'komboni, mupemphe mwaulemu kuti kanjira kakuti kasatsekedwe ndi kuti bwalo lakuti lisadulidwe mapuloti. Yankho likhoza kucedwa, monga linacedwera kwa anyamata a ku Manchester. Koma ana amene mudzabereke adzafuna poyenda ndi posewera, ndipo adzapeza malo okhawo amene inu mwawasungira.

Mafunso okambirana m'gulu: Kodi ndi njira iti ya m'komboni mwanu imene inalipo muli ana koma lero yatsekedwa, ndipo anaitseka ndani? Kodi dzina la komboni yanu linacokera kuti? Kodi ndi Ciweru citi mwezi uno cimene mudzayenda ulendo woyamba pamodzi ndi ang'ono anu?